Kodi nkhani ya kubadwa kwa Yesu adangoisoka ndi mavesi a Chipangano Chakale?

Mayi wina amene amaphunzitsa Sande sukulu watilembera motere:

"Ndine amene ndimakonza sewero la Khrisimasi pa mpingo pathu chaka ndi chaka. Tsiku lina mwana wa mkulu wanga, amene ali ku yunivesite, adandiuza kuti nkhani ya kubadwa kwa Ambuye ndi yongosokerera, akuti alembi adatola mavesi apa ndi apo m'Chipangano Chakale n'kupanga nkhani. Ndidamukalipira, koma usiku ndidatsegula Baibulo kuti ndimupezere yankho. Nditawerenga mutu wonse wa Yesaya 7 ndidapeza kuti ukukamba za mfumu Ahazi ndi nkhondo. Hoseya 11:1 akunena za mtundu wa Israyeli, osati mwana mmodzi. Mawu akuti 'adzatchedwa Mnazarete' ndawasakasaka mwa aneneri onse koma sindikuwapeza. Mutu wandiima. Kodi Mateyu adatinamiza? Nanga ana aja ndiziwaphunzitsa chiyani?"

Mayi, choyamba mtima ukhale pansi. Zimene mwaonazo zilimodi m'Baibulo, simunawerenge mokhota ayi, ndiponso si inu oyamba kuziona. Cha m'ma 160 AD Mkhristu wina wophunzira, Justin Martyr, adalemba za mtsutso wake ndi Myuda wina dzina lake Trypho, ndipo pena pamene adakokanakokana kwambiri ndi pa Yesaya 7:14 pomwepa. Trypho ankati vesilo likunena za Hezekiya, mwana wa Ahazi. Ndiye kuti funso lanuli lakhala likufunsidwa kwa zaka zoposa 1,800, ndipo mpingo sudagwe nalo. Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikuphunzitsa Malemba, m'kalasi iliyonse simulephera kukhala wina wofika pamene mwafika inupa, ndipo kawirikawiri amakhala uja amene amawerenga mutu wonse m'malo mongoloweza vesi limodzi.

Mwana wanuyo pena walasa, pena waphonya. Walasa ponena kuti mitu yosimba za kubadwa kwa Yesu, Mateyu 1 ndi 2 komanso Luka 1 ndi 2, ndi yodzala ndi Chipangano Chakale. Kunena zoona ndi yodzala kuposa mmene iye akuganizira. Waphonya poyesa kuti chimenechi ndi chinsinsi chimene alembi ankabisa. Mateyu amachita kukulozerani yekha kwa aneneri, kasanu konse m'mitu iwiri yoyambayo. Munthu wofuna kunamiza anzake sakadawatumiza ku mavesi amene Myuda aliyense wopita ku sunagoge akadatha kuwafufuza. Kumbukiraninso kuti ndi Mateyu ndi Luka okha amene amasimba za kubadwaku. Marko amayamba Yesu ali kale wamkulu ku Yordano, Yohane amayambira pa Mawu amene analipo pachiyambi, ndipo Paulo, amene makalata ake ndi akale kuposa onsewa, amangoti Yesu adabadwa mwa mkazi (Agalatiya 4:4) ndipo ndi wa mbewu ya Davide (Aroma 1:3). Akatswiri ambiri amati Mateyu ndi Luka adalemba cha pakati pa 80 ndi 90 AD. Nthawi imeneyo Malemba a Akhristu anali Chilamulo, Aneneri ndi Masalimo basi. Pofuna kufotokoza kuti Yesu ndani, kunalibenso kwina kokatenga mawu.

Tiyambe ndi Yesaya, poti ndiye wakusowetsani tulo. Ndi cha m'ma 734 BC. Rezini, mfumu ya Aramu ku Damasiko, ndi Peka, mfumu ya Israyeli wakumpoto, apangana zothira nkhondo Yerusalemu, achotse Ahazi pampando, aikepo munthu wawo. Vesi 2 imati mtima wa mfumu ndi wa anthu ake unkagwedezeka ngati mitengo ya m'nkhalango pa mphepo. Yesaya akumana ndi Ahazi pa ngalande ya madzi kunja kwa mzinda, namuuza kuti apemphe chizindikiro kwa Mulungu. Ahazi akukana modzionetsa kuti ndi woopa Mulungu, chikhalirecho 2 Mafumu 16 ikutiululira kumene mtima wake unali: adatumiza siliva ndi golide wa m'Kachisi kwa mfumu ya Asuri kuti idzamupulumutse. Pamenepo mneneri apereka yekha chizindikiro. Namwali adzaima, adzabala mwana wamwamuna, adzamutcha Imanueli, ndipo mwanayo asanafike podziwa kukana choipa ndi kusankha chabwino, dziko la mafumu awiri amene ukuwaopawo lidzakhala bwinja. Zidaterodi. Damasiko adagwa m'manja mwa Tiglath-Pileser III, mfumu ya Asuri ija, mu 732 BC, Peka adaphedwa nyengo yomweyo, ndipo Samariya adatsatira mu 722 BC. Chizindikiro chodzaoneka patapita zaka 700 sichikadamuthandiza kanthu Ahazi pamene adani anali pakhomo. Mudawerenga bwino, mayi.

Pano pali liwu limodzi limene sitingalizembe. M'Chihebri Yesaya adalemba almah, mtsikana wotha msinkhu, osanenapo ngati adadziwa mwamuna kapena ayi. Ayuda olankhula Chigiriki atamasulira bukuli, zaka zoposa 100 Yesu asanabadwe, adaikapo parthenos, limene kawirikawiri limanena za wosadziwa mwamuna, ndipo Mateyu adatenga limenelo. Koma mfundo imene anthu amaiwala pa mkanganowu ndi iyi: palibe umboni woti Ayuda a m'masiku a Yesu ankadikira Mesiya wobadwa mwa namwali chifukwa cha vesili. Sikudali chiyembekezo chimene wolemba akadakakamizika kuchipangira nkhani. Luka amasimba zomwezo za Mariya popanda kutchula Yesaya ndi dzina. Mmene ine ndimaonera, Mateyu adalandira kale chikhulupiriro chimenechi mumpingo, kenaka adapita ku Malemba ndi kupeza mawu oti achifotokozere. Ndipo chimene chidamukoka kwambiri si namwali koma dzina lija. Taonani vesi lomaliza la buku lake, 28:20, pamene Yesu wouka akuti ali pamodzi ndi ophunzira ake masiku onse. Imanueli wa mutu 1 ndi yemweyo. Yesaya ankalankhula kwa "nyumba ya Davide" ili pa ngozi (7:13), kuitsimikizira kuti Mulungu sadaisiye. Mateyu ankadziwa bwino chigawo chonsechi, chifukwa pa 4:15-16 akutenganso Yesaya 9, za anthu okhala mumdima amene adaona kuwala kwakukulu.

Vuto lathu ndi lakuti tikamva mawu akuti "kuti zikwaniritsidwe" timangoganiza chinthu chimodzi: mneneri adaona zam'tsogolo, adalemba, ndipo zachitika ndendende. Mateyu akutanthauza zakuya kuposa pamenepo, ndipo Hoseya 11:1 ndi amene amaonetsa poyera. Vesilo silikuyang'ana n'komwe kutsogolo, likuyang'ana kumbuyo: Israyeli ali mwana ndidamukonda, ndidaitana mwana wanga kuti atuluke mu Ejipito. Mateyu sakadalephera kuona zimenezo. Chimene akuchita n'chofanana ndi zomwe timadziwa kwathu kuno munthu akalowa ufumu. Amalowa dzina la malume ake, ndipo pa bwalo amatha kunena kuti "ine ndidabwera kuno kuchokera kwakutikwakuti, ndine ndidapatsa anthu awa malo," ngakhale zimenezo zidachitika iye asanabadwe. Palibe amene amati wanama, chifukwa mbiri ya dzinalo tsopano ndi yake. Kwa Mateyu, Yesu walowa dzina la Israyeli, amene pa Eksodo 4:22 Mulungu amamutcha mwana wake woyamba. Tsatirani mapazi ake muone. Mutu 2 atuluka mu Ejipito. Mutu 3 adutsa m'madzi. Mutu 4 ali m'chipululu masiku 40 akuyesedwa, ndipo mayankho ake onse atatu kwa Satana akuchokera mu Deuteronomo 6 ndi 8, mitu imene imakumbutsa Israyeli za zaka zake 40 za m'chipululu. Mutu 5 akwera phiri kukaphunzitsa za Chilamulo. Tsono werengani Hoseya 11:2: mwana woyamba uja atangoitanidwa adapita kukapereka nsembe kwa Abaala. Mwana uyu akukana kugwadira wina.

Kawerengedwe kotere sikadali ka Mateyu yekha. M'mipukutu imene idayamba kupezeka m'mapanga a ku Qumran pafupi ndi Nyanja Yakufa mu 1947 muli ndemanga ya buku la Habakuku, imene imatenga vesi ndi vesi n'kumati ili likunena za mphunzitsi wathu, ili likunena za adani athu a lero. Ayuda ambiri a nyengo imeneyo ankakhulupirira kuti mawu a mneneri satha ntchito m'mbadwo umodzi.

Pali zina zimene Mateyu sakulozerani, amangoyembekeza kuti khutu lanu lizigwira. Mfumu yankhanza iopa mwana, ilamula kuti ana aamuna aphedwe, mmodzi apulumuka. Ameneyu ndi Mose wa pa Eksodo 1 ndi 2. Yang'anitsitsani Mateyu 2:20, pamene mngelo akuuza Yosefe kuti abwerere kwawo chifukwa "iwo amene ankafuna moyo wa mwanayo adafa." Akunena za anthu ambiri, chikhalirecho vesi 19 yangotchula imfa ya Herode yekha. Tsegulani Eksodo 4:19 mupeza kumene mawuwo achokera: Mulungu akuuza Mose ku Midiyani kuti abwerere ku Ejipito pakuti anthu onse amene ankafuna moyo wake adafa, ndipo vesi lotsatira Mose atenga mkazi wake ndi ana ake n'kunyamuka. Josephus, wolemba mbiri wa Chiyuda amene adamaliza mbiri ya mtundu wake cha m'ma 93 AD, amatiuza mmene anthu a nthawi yake ankasimbira kubadwa kwa Mose. Mlembi wina wa zopatulika adachenjeza Farao kuti kubadwa mwana wodzatsitsa Ejipito, Farao adachita mantha, ndipo Mulungu adaonekera Amramu, bambo wa Mose, m'maloto n'kumulimbitsa mtima. Ikani pambali pake Herode, alembi amene adawafunsa, ndi maloto a Yosefe. Nanga Yosefeyo? Mwana wa Yakobo (Mateyu 1:16), munthu wa maloto, wopita ku Ejipito kuti banja lipulumuke. Wowerenga Genesis 37 mpaka 46 amamuzindikira asanamalize chiganizo.

Mavesi ena atatu aja salemera mofanana. Mika 5:2 ndi wosavuta: Ayuda ankaliwerengadi ngati lonena za mfumu yochokera kwawo kwa Davide, ndipo Yohane 7:42 imaonetsa khamu likutsutsana pa mfundo yomweyo. Ngakhale apo Mateyu wakhudzapo. Mika adati Betelehemu ndi wamng'ono pakati pa mabanja a Yuda, Mateyu akuti suli wamng'ono konse, ndipo mawu omalizira onena za kuweta anthu anga Aisrayeli wawatenga pa 2 Samueli 5:2. Yeremiya 31:15 ndiye wokhota. Rama ali kumpoto kwa Yerusalemu, Betelehemu kum'mwera. Ku Rama n'kumene akapolo adawasonkhanitsa atamangidwa maunyolo popita ku Babulo, Yerusalemu atagwa (Yeremiya 40:1), ndipo mneneri akumva Rakele, mayi wa mtundu, akulira m'manda mwake. Chomulumikiza ndi Betelehemu ndi Genesis 35:19, pamene akuti adaikidwa pa njira yopita kumeneko. Pali kanthu kakang'ono kamene ndimakonda kuonetsa ophunzira apa. Pa mavesi ena Mateyu amati zidachitika "kuti" zikwaniritsidwe, koma pa ana ophedwawa amangoti "pamenepo" zidakwaniritsidwa, monga amachitiranso pa ndalama za Yudasi pa 27:9. Safuna kuti magazi a ana aoneke ngati cholinga cha Mulungu.

Za Mnazarete lekani kusaka, vesilo kulibe. Dzina la mudzi wa Nazarete silipezeka paliponse m'Chipangano Chakale. N'chifukwa chake pa mavesi asanu aja apa pokha (2:23) Mateyu akuti "aneneri" osati "mneneri". Ena amati ankaganiza za mphukira yotuluka pa tsinde la Yese pa Yesaya 11:1, imene m'Chihebri imamveka mofanana ndi Nazarete. Ena amati ankaganiza za Samsoni, Mnaziri wopatulidwa kuyambira m'mimba (Oweruza 13:5). N'kutheka kuti ankaganiza zonse ziwiri. Musungeni vesi ameneyu, tibwerera kwa iye.

Poti ndinu mwini sewero, nkhani ya anzeru a kum'mawa ikukhudzani. Nyenyezi ili pa Numeri 24:17, m'kamwa mwa Balamu, mlosi wachilendo wochokera ku mapiri a kum'mawa amene mfumu Balaki idamulemba ntchito yotemberera Israyeli, iye n'kudalitsa m'malo mwake. Vesili Ayuda ankaliwerengadi ngati la Mesiya, moti mtsogoleri wa nkhondo yolimbana ndi Aroma ya mu 132 mpaka 135 AD adapatsidwa dzina lakuti Bar Kokhba, mwana wa nyenyezi. Golide ndi lubani zili pa Yesaya 60:6. Tsono Mateyu sadanene kuti alendowo anali mafumu, sadanene kuti anali atatu, ndipo sadatchule ngamira. Ufumuwo Akhristu apambuyo adautenga pa Masalimo 72:10-11 ndi Yesaya 60:3, ngamira pa Yesaya 60:6, ndipo chiwerengero cha atatu chidachokera pa mphatso zitatu; Akhristu ena a ku Siriya ankati anali 12. Ng'ombe ndi bulu zimene ana anu amalimbirana kuti azisewere sizili mwa Luka, zidachokera pa Yesaya 1:3, pamene akuti ng'ombe idziwa mwini wake ndi bulu adziwa modyera mwa mbuye wake. Francis wa ku Assisi adaziimika zamoyo pa khola lake la Khrisimasi ku Greccio mu 1223, ndipo sizidachokenso. Apa ndiye tili ndi chitsanzo chenicheni cha mavesi akale akubala zinthu zatsopano m'nkhani, ndipo zikuoneka poyera chifukwa tili ndi Mateyu ndi Luka oti tiyerekezere.

Mndandanda wa makolo ndingoudutsa msanga. Mateyu adaukonza m'magulu atatu a mibadwo 14, ndipo kuti zitheke adadumpha mafumu atatu pakati pa Yoramu ndi Uziya, amene ndi Ahaziya, Yowasi ndi Amaziya (yerekezani ndi 1 Mbiri 3:11-12). Zilembo za Chihebri zimaimiranso manambala, ndipo zilembo zitatu za dzina la Davide zimakwana 4, 6 ndi 4, kuphatikiza 14. Ambiri amati n'chimene ankafuna kuti owerenga aone. Ndi ulaliki wolembedwa ndi mayina, si kaundula wa ku ofesi ya boma.

Luka ndi wosiyana kwambiri, ndipo kwa ine ndiye mmisiri woposa. Iye sakuimitsani n'kunena kuti izi adanena ndi mneneri wakuti. Akangomaliza mawu oyamba kwa Teofilo, Chigiriki chake chimasintha n'kuyamba kumveka ngati cha Malemba akale, ndipo mumangopezeka muli pakati pa anthu amene mudakumana nawo kale. Zakariya ndi Elizabeti, okalamba opanda mwana, ndi Abrahamu ndi Sara. Funso la Zakariya lakuti adziwa bwanji zimenezi ndi la Abrahamu pa Genesis 15:8. Mawu a mngelo kwa Mariya akuti palibe chomukanika Mulungu ndi aja adamveka pa hema wa Sara pa Genesis 18:14. Elizabeti ponena kuti Ambuye amuchotsera manyazi pakati pa anthu akubwereza mawu a Rakele pa Genesis 30:23, ndipo mayi aliyense amene adalawako mawu a anthu chifukwa chosabereka sasowa womumasulira vesi limeneli. Gabiriyeli m'Baibulo la Chihebri amatchulidwa mwa Danieli yekha, ndipo pa 9:21 amafika pa nthawi ya nsembe yamadzulo. Kwa Zakariya akufika pa nthawi yofukiza lubani. Mwana wa Zakariya, Yohane Mbatizi, wosamwa vinyo ndi Samsoni, wotembenuza mitima ya atate kwa ana ndi Eliya wa kumapeto kwa Malaki. Ngakhale mawu akuti udzaima, udzabala mwana wamwamuna, udzamutcha dzina lakuti, woyamba kuwamva m'Baibulo ndi Hagara, mdzakazi wothawa m'chipululu, pa Genesis 16:11. Lonjezo la mpando wa Davide wosatha ndi la Natani pa 2 Samueli 7.

Koma pamene muyenera kukhalitsa ndi pa Hana. Tsegulani 1 Samueli 1 ndi 2 ndi dzanja limodzi, Luka 1 ndi 2 ndi linalo. Hana apempha Mulungu kuti apenye kusauka kwa mdzakazi wake. Mariya akuimba kuti Mulungu wapenya kuchepa kwa mdzakazi wake. Hana akuti mtima wake ukukondwera mwa Yehova, okhuta akukagwira ganyu kuti apeze chakudya pamene anjala sakumvanso njala, ndipo wosauka wautsidwa m'fumbi kuti akhale ndi akalonga. Mariya akuti mzimu wake ukukondwera mwa Mulungu, amphamvu atsitsidwa pa mipando yawo, anjala akhutitsidwa ndipo olemera abwezedwa chimanjamanja. Hana apita ndi mwana wake ku nyumba ya Yehova ku Silo n'kukumana ndi nkhalamba Eli. Mariya apita ndi wake ku Kachisi n'kukumana ndi nkhalamba Simeoni, ndi mneneri wamkazi Anna, dzina lomwelo la Hana m'Chigiriki. Ndipo Luka 2:52, pamene akuti Yesu ankakula m'nzeru ndi mumsinkhu ndi m'chisomo pamaso pa Mulungu ndi anthu, ndi pafupifupi mawu omwewo onenedwa za Samueli pa 1 Samueli 2:26. Kodi Mariya adaimba mawu amenewa ndendende tsiku limenelo m'nyumba ya Elizabeti? Ena amati inde, mtsikana wokulira m'Masalimo akadapemphera motero. Ena ambiri amati ndi nyimbo ya Akhristu oyamba a Chiyuda imene Luka adaona kuti ikuyenera pakamwa pake, monga olemba mbiri akale ankachitira ndi zolankhula za anthu. Mbali zonse ziwirizi zili ndi okhulupirira enieni.

Tsopano funso lenileni limene lili pansi pa kalata yanu: kodi zidachitika, kapena mavesi ndiwo adabala nkhani? Maganizo a mwana wanuyo si atsopano. Mjeremani David Friedrich Strauss adawafalitsa mu 1835, ndipo adamuchotsetsa ntchito ya uphunzitsi. Yankho loona silingakhale limodzi pa mitu inayi yonse, tiyenera kuyeza chigawo ndi chigawo. Muyezo umene ine ndimagwiritsa ntchito ndi uwu. Pamene vesi likulowa movutikira, n'chizindikiro chakuti nkhani idalipo kale ndipo wolemba adachita kulifunafuna vesilo. Munthu wopeka nkhani kuchokera m'mavesi sakadasankha Nazarete, mudzi wopanda vesi ndi limodzi lomwe, woti Natanaeli adafunsa ngati kanthu kabwino kangachokereko. Sakadasankhanso vesi la Rama pofotokoza za Betelehemu. Pamene mawu akuyenderera bwinobwino, monga m'nyimbo za Luka ndi m'zolankhula za angelo, pamenepo Malemba ndiwo adapereka mawu ndi kakonzedwe.

Onaninso kuti Mateyu ndi Luka akuoneka kuti sadakoperane pa mitu imeneyi. Mwa Mateyu banja lili m'nyumba ku Betelehemu, lithawira ku Ejipito, ndipo likakhala ku Nazarete poopa Arikelao, mwana wa Herode. Mwa Luka likuchokera ku Nazarete, lipita ku Kachisi patatha masiku 40 ndi nsembe ya njiwa ziwiri, imene Levitiko 12:8 adaikira osakwanitsa mwanawankhosa, kenaka libwerera kwawo. Komabe amagwirizana pa mayina a Mariya ndi Yosefe, pa kuima kwa Mariya asanalowane, pa Mzimu Woyera, pa dzina loperekedwa ndi mngelo, pa nyumba ya Davide, pa Betelehemu, pa nthawi ya Herode ndi pa kukulira ku Nazarete. Zimenezi ndi zakale kuposa alembi awiriwa. Zilipo zina zolimba zimene sindikubisirani. Herode adamwalira mu 4 BC, pamene kalembera wa Kwiriniyo, amene Luka amati ndiye adafikitsa banjali ku Betelehemu, Josephus amamuika mu 6 AD, ndipo mayankho amene aperekedwa pa kusiyana kumeneku sadakhutiritse onse. Josephus satchulanso za ana a ku Betelehemu, ngakhale amasimba kuti Herode adapha mkazi wake Mariamne ndi ana ake atatu, kotero khalidwelo ndi lake ndithu, ndipo imfa za m'kamudzi kakang'ono zikadatha kudutsa osalembedwa. Za kuima kwa Mariya mwa Mzimu Woyera, katswiri wa mbiri alibe chida choyezera, kaya kutsimikiza kapena kutsutsa. Imeneyo mpingo umaivomereza m'chikhulupiriro chake, ndipo wakhala ukutero ukudziwa bwino za Ahazi.

Kwa ana, sewero lipitirire, ng'ombe ndi bulu zikhalepo. Chimene ndingakupempheni n'chakuti musawaphunzitse kuti Chipangano Chakale ndi mndandanda wa maulosi amene Yesu adangowachonga limodzilimodzi, monga timabuku tina timanenera potchula ziwerengero zikuluzikulu. Mwana wophunzitsidwa chotero tsiku lina adzawerenga Hoseya 11 yekha, popanda inu pafupi, ndipo adzaganiza kuti mudamubisira. Ambiri amene ndawaona akutaya chikhulupiriro pa nkhaniyi adagwa chifukwa adapatsidwa maziko amene Mateyu mwini sadawaike. Mupewenso kunena kuti Ayuda ndi akhungu posaona Yesu pa Yesaya 7. Akamati mutuwo ukunena za masiku a Ahazi akunena zoona, ndipo Yesu, Mariya ndi Yosefe anali Ayuda owerenga Malemba omwewo. Kwa ana aang'ono ndi zokwanira kuwauza kuti Mulungu amene adapulumutsa Mose ali khanda ndi yemweyo adasunga Yesu. Akuluakuluwo agaweni magulu awiri, lina liwerenge nyimbo ya Hana, lina ya Mariya, molandizana mzere ndi mzere. Mwana wa ku yunivesite uja mumuitane adzathandize, ndipo mumufunse kuti ngati zonse zidapekedwa kuchokera m'mavesi, Nazarete adachokera pa vesi liti.

Mukaona kuti nkhaniyi ikupitirira kukusowetsani mtendere, mwina mpaka kukulepheretsani kupemphera kapena kuimirira pamaso pa ana, musakhale nayo nokha ndipo musadalire timavidiyo ta pa foni, poti ambiri mwa amenewo amangofuna kupambana mtsutso. Pitani kwa abusa kapena bambo mfumu amene adaphunzira Chihebri ndi Chigiriki ku sukulu ya ubusa, ndipo ngati amene muli nawo angokuuzani kuti kufunsa ndi tchimo, pemphani kuti akulozereni kwa wina wophunzitsa Malemba ku koleji ya mpingo wanu. Pezaninso Baibulo lokhala ndi mavesi olozerana m'mbali kapena m'munsi, chifukwa zambiri zimene ndatchulazi mudzazipeza nokha mmenemo. Musanapite, werengani Yesaya 7 mpaka 9 nthawi imodzi, kenaka Eksodo 1 mpaka 4, kenaka Mateyu 1 ndi 2, ndipo mulembe pa pepala mavesi amene akukuvutanibe.